Mpando wa Ababa Kutsogolo kwa Nsalu

Anthu akandifunsa chimene ndinapitira ku Joni ndimawayankha monga amayankhira aliyense, kuti ndinapita kukasaka. Si bodza ayi. Banja langa linali litatha, ndipo tiyi amene ndinkathyola sankandifikitsa kumapeto a mwezi. Koma chimene chinandikhazika kumeneko zaka zonse zija, ndikukwecha zimbudzi za eni ake, ndikuzemba apolisi m'misewu, chinali china, ndipo ndikachitchula ena amaseka. Ndinkafuna kuti ababa anga adzaonere kanema atakhala pampando, kutsogolo kwa nsalu. Basi, chomwecho. Amene akufuna kuseka aseke, ine ndinasekedwa kale mpaka ndinazolowera.

Ndinakulira kumalayini a esiteti ina kuno ku Thyolo, m'tinyumba ta chipinda chimodzi tondondozana kumunsi kwa fakitale. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndiye anatilera ndi ababa, ine ndi mng'ono wanga Esnati. Makolo a ababa anachokera ku Mozambiki wapansi, choncho pakhomo pathu Chilomwe ndi Chichewa zinkangosakanikirana. Nthawi imeneyo kunalibe za mavidiyo izi. Kanema ankabwera pagalimoto, mwa apo ndi apo, makamaka nyengo yadzuwa tiyi akachepa m'munda. Tikangomva hutala kumtunda, kumsewu wochokera ku Luchenza, ana tonse tinkataya chilichonse chili m'manja, kaya ndi nkhuni kaya ndi mbale, n'kuthamangira kubwalo la mpira. Ankazika mitengo iwiri ya bulugamu, n'kukoka chinsalu choyera pakati pake, ndipo dzuwa likangolowa ankayatsa.

Bwalolo linali ndi malamulo ake, ngakhale palibe amene anawalengezapo. Kutsogolo kwa nsalu ankaika mabenchi, ndipo mabenchiwo anali a makalaliki, akapitawo, madalaivala a mathirakitala ndi mabanja awo. Othyola ankaimirira kumbuyo kwenikweni, kutali, kumene mwana wamfupi ngati ine ankangoona misana ya anthu. Ndiye ife a kumalayini tinapeza njira yathu: tinkazungulira n'kukakhala pa udzu kuseri kwa nsalu. Nsalu ija inali yopyapyala, zithunzi zinkatulukira bwinobwino. Mawu okha ndi amene sankatifika, chifukwa sipika inkaloza kwa a pamabenchi. Komanso ngakhale akanatifika, Chizungu cha m'mphuno chija akanamva ndani?

Apa m'pamene ababa ankasanduka munthu wina. Masana anali munthu wosalankhulalankhula, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, kapitawo akakalipa iwo n'kumangoti inde bwana. Koma kuseri kwa nsalu ndi iwo amene ankawapatsa mawu anthu a m'kanema. Mzungu akatsegula pakamwa, ababa ankamuyankhulira. Wina ankadandaula kuti sikelo yamudyera makilo, wina ankafunsira mbeta m'Chilomwe n'kukanidwa, hatchi nayo ikatopa inkapatsidwa mawu ake odandaula msana. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, moti a pamabenchi ankatumiza mlonda kudzatiletsa phokoso. Mlondayo akabwera sankabwereranso, ankakhala pansi n'kumaseka nafe.

Galimoto ija inali ndi mafilimu owerengeka, ndiye inkangobwereza omwewo. Imene tinkaikonda tonse inali ya mahatchi. Munali mwamuna wina wowonda, wa chipewa chong'ambika, amene anafika pamudzi pomwe mwini ng'ombe wolemera anatchinga chitsime ndi waya kuti amphawi asatunge. Dzina lake lenileni sitinkalidziwa. Ababa anamutcha Wamanzere, chifukwa mfuti ankasolola ndi dzanja lamanzere, kapu ankanyamula ndi lamanzere, chipewa ankavula ndi lomwelo. Ababa nawo anali amanzere, ndipo anakula akukwapulidwa pazala chifukwa chodyera dzanja limenelo, choncho munthuyu anali wawo. Tikawafunsa kuti nanga bwanji enawo m'filimumo akuonekanso amanzere, ankati dziko limenelo ndi la amanzere okhaokha, ndipo akadzapuma ntchito adzasamukirako. Pofika pamene Wamanzere ankadula waya uja, madzi n'kuyamba kutungidwa, ababa ankasiya nthabwala zonse. Ankangokweza dzanja lawo lamanzere m'mwamba, ife tonse n'kukweza athu.

M'mawa mwake m'mizere ya tiyi munkadzaza a Wamanzere. Anyamata ndi atsikana omwe, mfuti za mitengo ya chinangwa m'chiuno, mbali yakumanzere. Aphunzitsi athu ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani ana a kumalayini onse amagenda ndi dzanja lolakwika.

Tsiku lina ndinakakamira. Mnzanga wa kusukulu, mwana wa kalaliki, anandiuza kuti kutsogolo n'kokoma, kumamveka nyimbo ndi ziboda za mahatchi. Ndinalira mpaka ababa anagonja. Anavala malaya awo a kutchalitchi, anandigwira dzanja, tinapita molawirira kanema asanayambe, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa benchi lomaliza. Sitinakhalitse. Anabwera a Muliya, kapitawo wa gulu la ababa, munthu amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoyankhula mokweza pang'ono kuti onse amve.

"Achimwene, mwasochera. Kwanu n'kuseri."

Anthu anaseka. Ababa anaimirira, anavula chipewa, n'kupepesa. Kupepesa, eti! Anandinyamula ngakhale ndinali wamkulu woti n'kuyenda ndekha, tinazungulira mtengo wa bulugamu uja anthu onse akutiyang'ana. Tsiku limenelo kuseri kwa nsalu kunali zii, anthu a m'kanema ankangotsegula pakamwa popanda wowayankhulira. Ine ndinapsa mtima, ndipo kupsa mtimako sikunandithere, ndinakula nako. Pobwerera kunyumba ndinawauza kuti ndikadzakula ndidzagula kanema wangawanga, ndipo iwo adzakhala kutsogolo, pampando wotsamira. Anangoti ndiziyang'ana pansi ndingaponde njoka.

Galimoto ija inabweranso kangapo kenako inasiya. Ku Luchenza kunatsegulidwa timanyumba ta vidiyo, ta mdima ndi fungo la thukuta, koma ababa sanapondemo phazi. Ndinakula, ndinalowa m'munda momwemo, ndinakwatiwa, ndinabwerako.

Za ulendo wa ku Joni ndimangokumbukira miyendo itatupa. Ababa anandiperekeza mpaka pasiteji ya ku Luchenza atandinyamulira kathumba ka makaka a chinangwa ndi nandolo wouma. Minibasi itayamba kulira ndinatulutsa mutu pawindo n'kuwauza kuti mpando uja sindinauiwale. Anapukusa mutu, anati ndipite ndikagwire ntchito ngati munthu wamkulu, zamasewera ndizisiye kuno. Kenako Mwanza, Tete, dziko la Zimbabwe lonse lija, ndi mizere ya pamalire pomwe munthu umaima mpaka mawondo kuuma.

Amene anandilandira ndi a Felesita, mayi wa ku Mphuka amene kale tinkathyola nawo gulu limodzi. Ankakhala m'kachisakasa ka malata, kumeneko amati mkukhu, ndipo tinalimo azimayi anayi pa matiresi awiri. Chisanu cha kumeneko, abale, cha ku Thyolo kuno n'chamasewera. Malata ankadontha madzi ozizira m'mamawa, tinkagona titavala zonse zimene tinali nazo. Ntchito zinali za maganyu: lero kuchapa, mawa kusita, mkuja kubwezedwa pageti ndi galu. M'mateksi tinkakhala duu, chifukwa ukangotsegula pakamwa adziwa kuti ndiwe wobwera. Chimene ndinkapeza ndinkachigawa patatu: cha mimba, cha kumudzi kwa Esnati amene ankasunga ababa, ndi cha kanema. Mwezi ukavuta chinkachepa ndi cha mimba. Ndikaimba foni kumudzi ababa sankandifunsa kuti ndibwera liti. Ankangofunsa ngati ndikudya, ine n'kumanama kuti ndanenepa.

Vuto linali lakuti filimu ija sindinkaidziwa dzina. Loweruka ndikaweruka ndinkazungulira kwa ogulitsa madisiki m'mbali mwa misewu, n'kumawafotokozera ndi Chizungu changa chothyokathyoka: mahatchi, chitsime, waya, chipewa chong'ambika, mwamuna wowombera ndi dzanja lamanzere. Ndikafika pa dzanja lamanzere ankapukusa mitu. Ena ankangondigulitsa iliyonse yokhala ndi hatchi pachikuto, ine n'kukazindikira pa tivi ya oyandikana nawo kuti andidyera. Madisiki olakwikawo anachuluka mpaka a Felesita ankaikirapo makapu a tiyi. Ankandinena kuti anzanga akusaka amuna amoyo oti awalipirire lendi, ine ndikusaka mwamuna wa pansalu, wamanzere pomwepo. Ndinkawayankha kuti amuna amoyo ndinawaona kale, palibe amene anadulapo waya.

Kenako inafika nyengo ija imene eni dziko anatitembenukira. Sindikonda kuikamba. Tinamva phokoso likuyandikira masanasana, tinathawa ndi zovala za m'thupi, ndipo pocheuka tinaona utsi pamene panali mkukhu wathu. Anatisunga mu holo ya tchalitchi china, anthu a mitundu yonse titathithikana, ana akulira osatonthozeka. Madzulo ena ndinatopa nako kulirako. Ndinapachika nsalu ya patebulo, ndinapempha a Felesita kuti aunike ndi tochi kuseri kwake, ine n'kumapanga mahatchi ndi zala, n'kumayankhula mawu onse a ababa, a sikelo, a mbeta, a hatchi yotopa. Ana a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe, a kwathu, kaya anamva zingati, koma anakhala chete, ndipo pa waya paja nditakweza dzanja anakweza awo. Tsiku limenelo ndinawasowa ababa koopsa.

Kutabwera mabasi otenga ofuna kubwerera kwawo, a Felesita anati tikwere, moyo ndi umodzi. Ndinakana. Ndinati ndikakatsika ku Luchenza chimanjamanja ndiye kuti a Muliya ananena zoona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ananditukwana m'Chilomwe mawu amene sindingawabwereze pano, kenako anatuluka pamzere. Anati akandisiya ndekha makani angawa andipha, ndipo iwo alibe mawu okawauza ababa. Tinayambiranso pansi, ndi poto mmodzi wopempha.

Ntchito yokhazikika ndinaipeza patapita nthawi, yosamalira mzungu wina wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ana ake anali kunja, iye ankangokhala pampando masana onse akuonera mafilimu akalekale. Kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, zonse ine. Anali wovuta, nanenso ndine wovuta, ndiye tinkamvana. Tsiku lina ndikusita m'chipinda chomwecho ndinamva nyimbo yachilendo, ndinadzutsa mutu. Chitsime chija. Waya uja. Chipewa chong'ambika chija chikubwera pahatchi. Ndinaima ndi simbi m'manja osapuma. Koma atafika poti asolole mfuti, anasolola ndi dzanja lamanja.

Ndinamuuza mkuluyo kuti tivi yake yawonongeka, yatembenuza munthu. Anaseka mpaka kutsokomola. Zinandinyansa, ndiye ndinamukhuthulira zonse, za bwalo la mpira, za mabenchi, za udzu wa kuseri kwa nsalu. Anasiya kuseka. Analoza galasi la pakhoma ndi dzanja lake logwira ntchito lija, anati ndilichotse, ndifulatire tivi, ndiyang'ane m'galasimo. Ndinatero. M'galasimo munali Wamanzere, yemwe uja, wathu.

Ndinalira, sindibisa. Zaka zonsezo ndinkasaka munthu amene kulibe. Mayi wamkulu ngati ine, sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti chinthu ukachionera kuseri chimatembenuka. Zimene unaona uli mwana sumazifunsa. Misozi itatha kunabwera ukali: eti ngakhale ngwazi yathu anatipatsa yotembenuza, yeniyeni anasungira a pamabenchi. Ndinalumbira pomwepo kuti ababa adzaona yeniyeniyo. Mkulu uja anati filimu imeneyi ali nayonso padisiki m'kabati, nditenge, iye waionera mokwanira. Tinaionera limodzi kangapo akundimasulira mawu ake enieni. Kunena zoona anali ozizira, a ababa anali okoma kuposa.

Foni ya Esnati inandipeza ndisanakonzeke. Anati ababa ayamba kugunda zitseko. Anawatengera kuchipatala ku Makwasa, ndipo madokotala ananena mosabisa kuti si ng'ala yoti n'kupala. Diso limodzi linapita kale, linalo likutsatira pang'onopang'ono, mankhwala odontheza angolichedwetsa. Ndinamufunsa kuti akuonabe chiyani. Anati kuwala, ndi zinthu zazikulu zikakhala pafupi. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati iye si Mulungu.

Mwezi womwewo ndinatsanzika ntchito. Mkulu uja anandikalipira kuti ndikumusiya ndi anthu osadziwa kuphika phala, kenako anati ndifulumire. Tinapita ndi a Felesita kushopu ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndinagula pulojekita, kamakina kosaposa mbaula kukula, ndi sipika yake. Wogulitsayo pondiphunzitsa mabatani anandionetsanso china. Akuti makinawo ukawaika kuseri kwa nsalu, pali pamene umadina kuti chithunzi chitembenuke. Anadina, zilembo zonse zinayang'ana kwina, anadinanso zinabwerera. A Felesita anandigunda ndi chigongono. Ine ndinangoti asanditayitse nthawi, zotembenuka ndinaziona zokwana moyo wanga wonse.

A Felesita anatsala, ali komweko mpaka pano. Pabasi kondakitala anafuna kuti makinawo ndiwaike m'ngolo ya katundu, ndinamuuza kuti aikemo amake. Ndinawakulunga m'bulangete n'kuwafukata pamiyendo mayiko atatu, moti mayi wina ku Tete anandidzudzula kuti mwanayo ndimuvundukule apumeko mpweya.

Kumudzi ndinapeza zonse zasuntha. Ababa anali atapuma ntchito kalekale, ankakhala kwa Esnati pakamunda kena kufupi ndi Makwasa. Nthochi zimene ndinazisiya zinali zitafa ndi matenda. Esnati amene ndinamusiya akundiopa anali tsopano mayi wa ana anayi, wa mawu ake, ndipo atatsegula bulangete lija nkhope inagwa. Anati anzanga amabwera ndi mafiriji ndi malata, ine zaka zonsezi ndabwera ndi tochi. Alamu anga anali atayamba kale kufunsa ngati ku Limbe angapezeke woigula. Ana awo anandiseka, anandionetsa mafilimu m'foni, omasuliridwa kale m'Chichewa, oti umaonera uli chigonere. Sindinawakwiyire kwambiri. Esnati ndi amene ankawatsogolera ababa kuchimbudzi pamene ine ndinkasaka mahatchi, ndipo ndinamuuza pamaso kuti zimenezo ndikuzidziwa ndipo ndikuthokoza. Koma za kugulitsa ndinati amene akhudze makinawa wakhudza ine.

Ababa anandizindikira ndi mawu. Anali atachepa thupi, atakhala pakhonde, maso akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga. Nditawauza chimene ndabweretsa anati zinatha zimenezo, ndisawachititsenso manyazi pagulu, ngati ndikufuna ndiwaonetsere m'nyumba. Ndinati m'nyumba ayi. Pabwalo lomwe lija, pamene anawachotsa paja. Anati makani amenewa ndinatengera amayi anga.

Ndinapita ku ofesi ya esiteti maulendo angapo mpaka anatopa nane n'kundilola, bola likhale Loweruka ndipo jenereta ndipeze ndekha. Ndinasoka mashiti awiri oyera kukhala nsalu imodzi. Ndinazika mitengo ya bulugamu. Mpando ndinagula kwa kalipentala ku Luchenza, wotsamira, wokhala ndi poika manja, unabwera pakabaza utamangidwa ndi malegeni. Mabenchi ndinabwereka kutchalitchi, ndipo ndinalengeza kumalayini konse kuti aliyense adzakhale pamene wafuna. Masiku onsewo m'mawa uliwonse ndinkaimika zala patsogolo pa ababa kuti andiuze ngati akuziona. Ankandithamangitsa kuti si mwana wa sukulu, koma ndinkaona kuti tsiku lililonse ndikusendera pafupi.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, makamaka achikulire a kumalayini amene ankaikumbukira galimoto ija. A Muliya nawo anabwera. Ndinawazindikira movutikira, atakalamba, jekete litang'ambika m'zigongono, ukapitawo utatha kalekale. Mawu awo aja ndinali nawo pakamwa, ndinawasunga zaka zonsezi kuti ndidzawabwezere, ndipo ndikanawanena. Koma ababa atamva kuti ndi iwo anawapatsa moni m'Chilomwe n'kuwauza kuti akhale pabenchi la pafupi nawo. Mawuwo ndinawameza, ndinapita kukayatsa jenereta.

Mpando ndinauika pakati, pafupi kwambiri ndi nsalu kuti diso lija ligwire, makina ndinawakweza patebulo kumbuyo kwawo. Dzuwa litangolowa kuseri kwa mizere ya tiyi ndinadina. Nyimbo inalira, imene ababa anali asanaimvepo. Hatchi inatulukira, yaikulu kuposa nyumba ya kumalayini. Ine sindinkayang'ana nsalu, ndinkayang'ana ababa. Anaweramira kutsogolo atapendeketsa mutu, ndipo chipewa chong'ambika chija chitadzaza nsalu anamwetulira. Mumtima ndinati zatheka.

Kenako munthu uja anasolola mfuti ndi dzanja lamanja. Kumwetulira kunatha. Anadikira pang'ono, anamuona akunyamula kapu. Ndiye anafufuza ndodo yawo pansi n'kuimirira.

"Uyu si iye," anatero.

Ndinathamangira pomwepo n'kuwauza kuti ndi yemweyo, ndiye weniweni, kale tinkaonera chotembenuka. Sananditsutse. Anangoti mwina ndi weniweni, koma si wawo, ndipo anayamba kupapasa ndi ndodo kulowera kumtengo wa bulugamu kuti azungulire. Anthu onse akuona. Ababa ankapita kuseri okha popanda wowathamangitsa, ndipo wowatumizako ulendo uno ndinali ine. Ndinachita mantha kuposa tsiku la moto lija. Chisanu chija, zimbudzi zija, mkukhu wopsa uja, zonse zinali kupita kukakhala pa udzu.

Ndinawatsekera njira. Chibadwire ndinali ndisanawalamulepo ababa.

"Ababa, bwererani pampando. Kuseri simupitanso. Azungulire ndi iyeyo."

Ndinawakhazika, ndinathamangira kumakina. Batani lija limene ndinakana kuliphunzira ndinalisaka ndikudina zolakwika, nsalu ikusanduka yabuluu, achinyamata akuimba mluzu. Ndinamutukwana wogulitsa uja mumtima, ndinadzitukwananso ndekha. Kenako chithunzi chinaphethira n'kubwera chitatembenuka. Ndinabweza filimu pamene panali mfuti paja. Dzanja lamanzere linatsikira m'chiuno.

 Ababa anatsamira, msana wonse pampando.

"Eya. Wabwera."

Ndipo anayamba. Poyamba motsitsa, kenako mawu aja anabwerera onse: sikelo yodya makilo, mbeta yokana m'Chilomwe, hatchi yodandaula msana. Ndinazimitsa sipika imene ndinainyamula mayiko atatu, ndipo palibe amene anaifunsa. Achikulire ankawatsogolera mawuwo asanatuluke, ana a Esnati anaika foni m'thumba, Esnati mwini wake ankaseka akupukuta m'maso ndi chitenje. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi tebulo, ndili wosangalala mmene sindinasangalalepo. Diso lija linadzatseka mvula itayamba, koma madzulo amenewo linagwira ntchito yake.

Filimu ili pafupi kufika pa waya, a Muliya anaweramira kwa ababa. Sankafuna ndewu, ankaoneka osokonezeka ndithu. Anati iwo filimuyi anaionera kambirimbiri, ndipo akukumbukira bwino kuti munthuyu ankawombera ndi lamanja. Ababa sanachotse diso pansalu.

"Achimwene, inu munkaonera kuseri."

Wamanzere anadula waya. Ababa anakweza dzanja lawo lamanzere ali chikhalire pampando, ndipo bwalo lonse, kutsogolo kwa nsalu, linakweza nawo.